Funsani Amakaniko: Boti silikuthamanga, kodi titsegule injini?

Sabata ino chiperoni chatigwira kuno ku Chitakale. Phiri la Mulanje silikuoneka n'komwe, ndipo anyamata a kabaza akubwera ndi njinga zawo ali njenjenje ndi tsembwe. Ntchito zanga masiku ano ndi zimenezo: njinga zamoto, mapampu a madzi ndi injini za zigayo. Koma amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ndisanabwerere kumudzi ndinakhala zaka zambiri ku Monkey Bay ndi ku Mangochi, manja ali mu injini za maboti. N'chifukwa chake makalata okhudza maboti amandipezabe kuno kudziko la tiyi. Mwezi uno afika atatu.

Amakaniko, ndine dalaivala pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Makwasa. Abwana anga anagula boti la faiba lotalika mamita asanu ndi theka, la injini ya Yamaha F150, kuchokera kwa munthu wa ku Durban. Wogulitsayo ankati limafika makilomita 75 pa ola. Ife tikapita nalo ku Mangochi silipyola 62, ndipo muvi wa RPM, wosonyeza kuzungulira kwa injini pa mphindi, umaima pa 4800 ngakhale nditsegule moto wonse. Ponyamuka limachedwa, mphuno ili m'mwamba. Ndikakweza trim, ndiye kuti kupendeketsa injini kuti mwendo wake ukwere, limayamba kujowajowa, komanso chiwongolero chimandikokera kumanja. Pa pulopela palembedwa 13 3/4 x 21. Mnzanga wina akuti tipeze munthu asinthe za mu kompyuta ya injini. Ndichite bwanji? Ntchito yosamala botili ili m'manja mwanga.
*Dalaivala, Makwasa, Thyolo*

Achimwene, mwachita bwino kulemba musanalole munthu kugwira kompyutayo. Isiyeni momwe ilili. Pa maboti ochuluka amene anabwera kwa ine ndi dandaulo ngati lanuli, vuto linkapezeka kunja kwa injini: pansi pa boti, pa pulopela, pa mabawuti anayi omangira injini kumbuyo, ndi pa katundu wokwezedwa. Injini yanu, malinga n'zimene mwalemba, ikungolemedwa.

Tiyambe ndi mawu a wogulitsa uja. N'kutheka sananame. Durban ili m'mphepete mwa nyanja ya mchere, pamene nyanja yathu ya Malawi ili pamwamba ndi mamita pafupifupi 475. Ukamakwera kumtunda mpweya umapepuka, ndipo injini imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 a mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse. Ndiye kuti pa hosipawa 150 zanu, pafupifupi zisanu ndi ziwiri zinatsala kunyanja ya mchere konko. Onjezanipo kutentha kwa ku Mangochi mu Okutobala, kumene kumafooketsanso injini. Onjezaninso kuti madzi opanda mchere sanyamula boti ngati a mchere, choncho limakhala lomira pang'ono. Mwina wogulitsayo ankayesa ali yekha, thanki ili theka. Inu mumayesa muli ndi abwana, amayi, ana ndi bokosi la zoziziritsa.

Tsopano manambala a pa pulopela. Yoyambayo, 13 3/4, ndi kukula kwake m'mainchesi. Yachiwiriyo, 21, ndiyo amati pitch: mtunda umene pulopela ikanayenda ikazungulira kamodzi, madzi akanakhala olimba ngati thabwa limene sikuluwu ikulowamo. Pitch ili ngati giya ya galimoto. Inu dalaivala mukudziwa zimene zimachitika mukayesa kukwera chitunda cha ku Thekerani ndi giya yachisanu: injini imabuula, galimoto siyenda, ndipo m'kati mukuwonongeka zinthu. F150 inapangidwa kuti ukatsegula moto wonse izizungulira pakati pa 5000 ndi 6000 pa mphindi. Yanuyo ikuima pa 4800, ndiye kuti tsiku lililonse ikukwera chitunda ndi giya yachisanu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Giya ya kunsi kwa F150 imachepetsa ndi theka, choncho injini ikazungulira 4800, pulopela imazungulira 2400 pa mphindi. Mainchesi 21 ndi masentimita 53 ndi pang'ono. Mukachulukitsa mupeza kuti pulopela ikukankha ngati boti liyende makilomita pafupifupi 77 pa ola. Inu mukupeza 62. Ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu likutayika chifukwa pulopela ikuterereka m'madzi. Kuterereka kumakhalapo nthawi zonse, koma pa boti ngati lanu lokonzedwa bwino kumakhala pakati pa 10 ndi 15 pa 100. Kwanuko kwachuluka. Chimenechi chikundiuza kuti pali china chimene chikugwira botilo kupatula pitch, ndipo musagule pulopela musanachipeze.

Choyamba yang'anani kulemera kwa boti lenilenilo. Ndimakumbukira boti lina lofiira limene linabwera pa doko nthawi ina, lonyezimira ngati latsika kumene m'sitolo. Mwini wake anali atasintha kale mapulagi kawiri ndi pulopela kamodzi. Titalikokera pa ngolo ndinaona matayala aphwatalala kuposa mmene ayenera. Ndinapempha kuti atsamiritse ngolo mphuno m'mwamba, ndinamasula kachitsekero ka kumbuyo, sipanatuluke kanthu. Ndinalowetsa waya, ndinatulutsa masamba owola ndi mchenga, kenako madzi akuda onunkha anayamba kuthovoka. Tinatchera ndowa ya malita 20, inadzaza. Tinatchera ina. Zinakwana zisanu ndi imodzi. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye kuti bamboyo ankayenda ndi anthu awiri osaoneka pansi pa mapazi ake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Boti lanu limagona ku Thyolo, kumene mvula ndi chiperoni sizisowa. Ngati limakhala panja, kachitsekero kali kotseka, madzi amalowa pansi pa thabwa lopondapo n'kunyowetsa thovu louma limene amaikamo kuti boti lisamire. Poimika, chotsani kachitsekeroko, kwezani mphuno, phimbani ndi lona. Ngati pa esiteti panu pali sikelo ya malole, pemphani muliyeze, mufananize ndi kulemera kolembedwa m'mapepala ake.

Mukatero gwadani muyang'ane kunsi. Tengani chitsulo chowongoka bwino kapena thabwa lopalidwa, lotalika mita imodzi ndi theka, muligoneke pansi pa boti kuyambira kumbuyo kwenikweni. Lizigunda monsemo. Boti likakhala miyezi yambiri pa ngolo, litatsamira pa kagudumu kamodzi, faiba imapindika. Ikalowa m'kati, boti limakanikiza mphuno pansi n'kutaya liwiro. Ikatukumuka, boti limajowa. Ndere ndi zokanda nazonso zimadya liwiro kuposa mmene anthu amaganizira. Pitaninso ndi chala m'mphepete mwa mapiko a pulopela. Kakupindika kochepa kamene mwala unasiya kamakwanira kuchotsa makilomita angapo.

Kenako msinkhu wa injini. Pamwamba pa pulopela pali chitsulo chophwatalala ngati phiko, chimene chimaletsa mpweya wa pamwamba kutsikira ku pulopela. Tsitsani injini iime chilili, mugoneke thabwa lija pansi pa msana wa boti kuti litulukire kumbuyo. Phikolo liyenera kulingana ndi thabwa, kapena kukwera pang'ono ngati inchi imodzi. Maboti ambiri ndimawapeza injini itamangidwa pa bowo lotsikitsitsa, mwendo wonse uli m'madzi ngati khasu lolimira. Boti likamathamanga, wina agwiritse bwino n'kusuzumira kumbuyo: phiko lizioneka likuseseleka pamwamba pa madzi. Ngati lamira osaoneka, injini yatsika. Mabowo omangira amatalikirana mamilimita 19. Kwezani bowo limodzi lokha, muyese. Injiniyi imalemera kupitirira makilogalamu 200, choncho musayese kuinyamula ndi anzanu pamanja. Pezani tcheni chokwezera, ndipo pobwezera mabawuti pakani mankhwala otseka madzi. Mukakweza mopitirira, pulopela imayamba kugwira mpweya pokhota, komanso timabowo tolowera madzi oziziritsa timatuluka m'madzi, injini n'kutentha. Kamadzi kamene kamatuluka kumbuyo kwa injini ngati mkodzo, kosonyeza kuti madzi oziziritsa akuyenda, kazituluka mwamphamvu nthawi zonse.

Zonsezi zikatheka, mudzaona muvi wa RPM wakwera kale. Apo ndiye bwerekani pulopela ya pitch 19 muyese. Kutsitsa pitch ndi inchi imodzi kumakweza RPM ndi 150 mpaka 200, choncho kuchoka pa 21 kupita pa 19 kukupatsani 300 kapena 400. Cholinga chanu chikhale 5500 kapena kupitirirapo, muli ndi katundu amene mumanyamula masiku onse. Pa 5500 ndi pitch 19, kuterereka kuli kwabwino, mukhala pafupi ndi makilomita 70 pa ola, ndipo ponyamuka boti lidzagona msanga. Ngati abwana amakonda kukoka ana pa chubu kapena kudzaza boti ndi alendo, 17 ndiyo idzawasangalatse ngakhale liwiro la pamwamba litsike. Awuzeni mosabisa kuti 75 ya ku Durban mwina siidzabweranso. Ndi bwino amve zimenezi kwa inu lero kusiyana n'kumakukayikirani ulendo uliwonse.

Za kujowa. Ponyamuka trim ikhale pansi penipeni, injini itapinda kulowa kuboti. Boti likagona n'kuyamba kuseseleka, kwezani pang'onopang'ono, kadinidwe kamodzikamodzi. Mudzamva chiwongolero chikupepuka, kulira kwa injini kukusintha, ndipo madzi othovoka m'mbali akubwerera kumbuyo. Mukangomva mphuno yayamba kugogoda, kapena RPM ikukwera koma liwiro ayi, mwapitirira; bwezani pang'ono. Ngati likujowa mutangokweza pang'ono chabe, kumbuyo kwalemera. Zigubu za petulo, nangula ndi bokosi la zoziziritsa zipite kutsogolo, ndipo anthu asaunjikane pampando wa kumbuyo.

Kukoka kwa chiwongolero n'kosavuta. Pulopela yanu imazungulira cha kumanja, ndipo imapotoza injini. Pansi pa phiko lija, pamwamba penipeni pa pulopela, pali kachipsepse kakang'ono komangidwa ndi bawuti imodzi. Boti likamakokera kumanja, masulani bawutiyo, sunthani mchira wa kachipsepseko cha kumanja pang'ono, mangani, yesani. Musakapake penti, chifukwa pa injini zambiri kamagwiranso ntchito yodyeka m'malo mwa zitsulo za injini.

Poyesa zonsezi sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo lembani m'kope: RPM, liwiro la pa GPS ya foni, anthu angati, petulo wochuluka bwanji. Thamangani kupita ndi kubwerera njira yomweyo kuti mphepo isakunamizeni. Nyengo ino ndi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, choncho yesani m'bandakucha nyanja ili bata, kutali ndi maukonde, mabwato a asodzi ndi ana osambira.

Pali chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Boti likapepuka n'kukwera liwiro, nthawi zina limayamba kupendamira uku ndi uku, kumanzere kumanja, mofulumira. Zikatero musawonjezere moto poganiza kuti ziwongoka, ndipo musatseke moto mwadzidzidzi. Tsitsani trim, chepetsani moto pang'onopang'ono. Ndipo kachingwe kofiira kozimitsira injini kazikhala komangidwa pa mwendo kapena pa jekete yanu nthawi zonse. Ndinaonapo boti likuzungulira lokha pamadzi, injini ili pa moto, woyendetsa atagwera m'nyanja, ife tili pamtunda osatha kuchita kanthu mpaka petulo anatha. Munthuyo anapulumuka chifukwa anali atavala jekete yoyandamitsa ndipo boti linamuphonya. Kachingwe kaja tinakapeza katakulungidwa pa chiwongolero.

Musanabwerere ku Thyolo, kumbukirani petulo. Wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Akagona m'thanki kuyambira Pasaka mpaka Khirisimasi, pansi pamakhala madzi. Wotsala muthireni mu galimoto, ndipo ikani sefa yolekanitsa madzi pakati pa thanki ndi injini.

Bambo Amakaniko, ndimagulitsa matemba ndi makumba pamsika wa Limbuli. Ndinasonkha ndalama n'kugula boti la matabwa la mamita asanu ndi awiri ku nyanja ya Chilwa, mbali ya Phalombe, ndi injini ya Yamaha Enduro 15. Amayendetsa ndi mwana wa achemwali anga. Iye akuti injiniyi ndi yaing'ono, tigule ya hosipawa 40 kuti azifika msanga kwa asodzi. Ndalama ndi zambiri. Kodi ndigule?
*Mayi wa geni ya nsomba, Limbuli, Mulanje*

Mayi, sungani ndalama zanu. Mwanayo akufuna zabwino, koma boti lanu ndi la mtundu wina ndi lija la faiba ndafotokoza pamwambapa. La faiba limakwera pamwamba pa madzi n'kumaseseleka. La matabwa lolemera, lodzaza madengu a nsomba, limang'amba madzi, ndipo liwiro lake limalamulidwa ndi kutalika kwake. La mamita asanu ndi awiri limayenda mosavuta mpaka makilomita 12 pa ola kapena chapompo. Kupyola apo limayamba kukwera funde limene ladzipangira lokha, kumbuyo kumamira, mphuno imadzuka, ndipo mphamvu yowonjezerayo imathera kukumba dzenje m'madzi. Enduro 15 ikakhala pa moto wonse imamwa malita pafupifupi asanu ndi awiri pa ola. Ya 40 imamwa pafupifupi 20. Mudziwerengere nokha ndi mtengo wa petulo lero, muone madengu angati a matemba angabweze ndalamayo. Komanso thabwa la kumbuyo limene linakhomedwera injini ya 15 silingapirire kukankha kwa 40 popanda kulilimbitsa.

Chimene chingathandize n'chotsika mtengo. Muuzeni mwanayo awerenge manambala a pa pulopela, afunse ya pitch yocheperapo, yokankhira katundu. Ayang'anenso kachitsulo kolowetsa m'mabowo kamene injini imatsamirapo: boti litadzaza, mwendo wa injini uziima chilili m'madzi, osati kuthawira kumbuyo. Madengu olemera akhale pakati, ena kutsogolo. Ndipo aziyenda pa moto wa magawo atatu mwa anayi. Adzafika mochedwerapo ndi mphindi zochepa, koma thanki idzakhalitsa.

Chilwa ndi nyanja yosaya, ya matope, moti inaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018. Matope amenewo amadya mapiko a pulopela ndi kamphira kopopa madzi oziziritsa. Kamphirako kasinthidwe chaka chilichonse, ndipo injini asamailize pamtunda popanda madzi ngakhale kwa kanthawi kochepa, chifukwa kamapsa msanga. Kamodzi pa mwezi achotse pulopela aone ngati kuseri kwake sikunakulungike ulusi wa ukonde. Ulusiwo umadula mphira wotseka, madzi n'kulowa mu giya. Akamasula kabawuti ka pansi n'kuona oyilo woyera ngati mkaka, asayendenso mpaka akonze.

Inu amene mumatulutsa ndalama, gwirani nokha nkhani ya oyilo wosakaniza. Agule wa injini za pamadzi, wolembedwa TC-W3, osati wa njinga zamoto. Muyeso wofala ndi 50 kwa 1: mamililita 100 pa malita asanu a petulo, theka la lita pa thanki ya malita 25. Aone zolembedwa pa injini yakeyo atsimikize. Mugulireni kabotolo ka muyeso, asamathire mwa diso.

Amakaniko, kwathu ndi ku Thekerani koma ndili ndi boti lowolotsa anthu pa Shire, mbali ya Makhanga, la injini ya 40. Masiku ano ndikapatsa moto wambiri injini imakuwa koma boti silikankha. Ndikachepetsa limayendanso. Kodi giya yatha?
*Mwini boti, Thekerani, Thyolo*

Achimwene, giya ikatha imagogoda ndi kukukuta, ndipo inu simunatchule zimenezo. Ndikukayikira zinthu zitatu. Namasupuni wa mu Shire akakulunga mwendo wa injini amabweretsa mpweya ku pulopela. Zimitsani, kwezani injini, chotsani, muone ngati zasintha. Chachiwiri, anthu ndi njinga zawo akadzazana kutsogolo, kumbuyo kumanyamuka ndipo pulopela imayandikira pamwamba. Miyendo ya injini imabwera ya mainchesi 15, 20 ndi 25, ndipo waufupi ukaikidwa pa thabwa lalitali vuto limakhala lomweli. Koma popeza mukuti zayamba masiku ano, ndipo zimachitika pa moto wambiri pokha, mtima wanga uli pa chachitatu. M'kati mwa pulopela muli mphira wopanikizidwa amene amalumikiza pakati pake ndi mapiko. Anamuika dala kuti mukagunda chitsa kapena mchenga aterereke iyeyo, giya ipulumuke. Akaterereka kamodzi sagwiranso bwino: pa moto wochepa amakoka, pa moto wambiri amazungulira yekha.

Kuyesa kwake n'kwa mphindi zisanu. Tengani penti kapena msomali, jambulani mzere umodzi wodutsa pa chitsulo cha pakati, pamene pali nati, mpaka pa thupi la pulopela. Yendani muli nokha, patsani moto mpaka ikuwe, bwererani mukweze injini. Mzere ukakhala utasemphana, mphira watha, ndipo pakufunika pulopela ina kapena kuti akapanikizemo mphira watsopano.

Pamene mumawolokerapo ndi kufupi ndi kumene Ruo amathira mu Shire ku Chiromo, ndipo tonse tinaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, mmene madzi ochokera kuphiri kuno amafikira kumeneko. Mphira ameneyu akalekeratu muli pakati pa mtsinje, simudzakhala ndi chokankhira boti, ndipo m'botimo muli amayi ndi ana kumbuyo. Mzere ukasemphana musakwezenso munthu mpaka mutasintha. Pogula, gulani ziwiri. Inayo muimange pansi pa mpando pamodzi ndi sipanala, nati ndi kapini kake, nkhafi ziwiri zili pambali.